Kwa oyang'anira mapaki, madambo ndi nkhalango: tsiku loona mbalame lisamathere pa kujambulitsa

Olemekezeka akuluakulu a makhonsolo, oyang'anira mapaki, ndi nonse amene mumasainira zikalata za malo,

Takulemberani ndife anthu amene timawerenga mbalame ndi kuphunzitsa ena kawerengedwe kake. Maofesi ambiri tsopano ayamba kukonza masiku oti anthu a m'dera akaone mbalame, ndipo pa zimenezo tikuti zikomo. Chotidandaulitsa ndi momwe tsikulo limayendera. Pamakhala matenti, zokuzira mawu, mlendo wolemekezeka wofika dzuwa litakwera, ana a sukulu atavala malaya ofanana, pomaliza chithunzi cha gulu lonse. Pakangotha sabata ziwiri, ofesi yomweyo imatumiza thirakitala kukatchetcha udzu umene mbalamezo zaikiramo mazira, kapena imavomereza kuti dambo limene anthu anaimirira m'mbali mwake likwiriridwe ndi dothi. Wokonza mwambo ndi wolamula kutchetcha amalowera khomo limodzi m'mawa uliwonse, koma nkhaniyi sanakambiranepo.

Pempho lathu ndi limodzi. Tsiku loona mbalame likhale tsiku lowerenga mbalame, lochitika mofanana chaka ndi chaka, ndipo zopezekazo zizifika m'manja mwa amene amakonza nthawi yotchetcha, yodula mitengo, yotentha tchire ndi yokumba ngalande.

Kuti anthu wamba aziwerenga mbalame si maganizo a dzulo. Pa 25 December 1900, Frank Chapman wa ku New York adapempha anzake kuti m'malo mopikisana kuwombera mbalame pa Khirisimasi, aziwerenge. Adatuluka anthu 27, m'malo 25. Kuwerengako kukuchitikabe mpaka lero pansi pa bungwe loteteza mbalame la ku America la Audubon, ndipo gulu lililonse limayenda m'dera lozungulira lomwelo la makilomita 24 kuchoka mbali ina kufika ina. Mphamvu yake yagona pa kubwereza, osati pa kuchuluka kwa anthu a tsiku loyamba. M'chaka cha 2019 akatswiri ataphatikiza mawerengedwe otere a zaka zambiri, adapeza kuti ku North America kwatha mbalame pafupifupi 3 biliyoni kuyambira 1970, ndipo za m'malo a udzu zatsika kuposa theka. Koma abakha ndi atsekwe adachuluka m'zaka zomwezo, chifukwa madambo awo ndi amene adaikidwira ndalama ndi malamulo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene tikufuna muigwire: pamene eni mphamvu adateteza malo, chiwerengero chidakwera.

Nkhani ya miimba ya ku India ikuonetsa mbali ina. M'zaka za m'ma 1990 miimba idayamba kutha, ndipo mtundu umodzi udatsika ndi zoposa 99 pa 100 pofika 2007. Mbalame imene inali paliponse palibe ankaganiza kuti ingasowe. Zidadziwika chifukwa kunali mawerengedwe akale, monga a kumalo otetezedwa a Keoladeo National Park m'dzikomo, oyerekezera ndi atsopano. Gwero lake lidapezeka kuti ndi diclofenac, mankhwala opatsa ng'ombe amene amawononga impso za muimba wodya nyama yakufayo, ndipo India, Pakistan ndi Nepal adaletsa kuwagwiritsa ntchito pa ziweto mu 2006. Pakadapanda wolemba manambala nthawi imene miimba inali yambirimbiri, pakadatenga zaka zina kuti wina akhulupirire kuti pali vuto. N'chifukwa chake timauza gulu lililonse kuti lilembe njiwa, akhwangwala ndi mpheta mosamala ngati momwe lingalembere mbalame yosowa.

Tsono kawerengedwe kake ndi aka. Nthawi ndiyo yoyamba. Mbalame za m'mitengo ndi m'tchire zimalira ndi kudya kwambiri kuyambira dzuwa likamatuluka, ndipo pakatha maola atatu kapena anayi zambiri zimakhala chete pamthunzi. Mwambo woyamba 10 koloko umapeza nkhalango ili zii, ana n'kubwerera kwawo akuganiza kuti kuona mbalame n'kungoyang'ana masamba. Ngati zolankhula sizingalephereke, zibwere anthu atabwerako, ndipo zokuzira mawu zikhale kutali ndi malo owerengera.

Musanaitane aliyense, munthu wodziwa ayende malowo ndi kukhoma zikhomo zamanambala zosonyeza poima powerenga, zotalikirana mamita 200 mpaka 250. Zikayandikana kuposa apo, mbalame imodzi yolira mokweza imawerengedwa kawiri. Zikhomo 8 mpaka 10 zimakwana m'mawa umodzi. Chilichonse chilembedwe malo ake pa GPS ya foni, chifukwa zikhomo zimazulidwa, zimapsa, zimadyedwa ndi chiswe. Zisaikidwe pokongola pokha. Ngati malowo ali ndi udzu, zitsamba, mitengo ikuluikulu ndi madzi, mbali iliyonse ilandire zikhomo molingana ndi kukula kwake, ngakhale pafupi ndi dzala kapena msewu. Oyamba kumene amakonda kusankha pamene akudziwa kuti pali mbalame zambiri, ndipo zikatero chiwerengero chimangotsika m'zaka zotsatira popanda chifukwa chenicheni, poti adayambira pamwamba.

Gulu likafika pa chikhomo liime chete mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mbalame zimene zadzidzimuka zikhazikike, kenako liwerenge kwa mphindi 10 ndendende. Pasakhale kuwonjezera mphindi chifukwa pakusangalatsa, kapena kuchokapo msanga chifukwa palibe kanthu. Mbalame yoonedwa ndi yongomveka kulira zonse zilembedwe, koma zosiyanitsidwa: za mkati mwa mamita 50, za kunja kwake, ndi zongodutsa m'mwamba. M'nkhalango yowirira zambiri zimadziwika ndi khutu, choncho gulu lililonse lifunika munthu mmodzi wodziwa kulira kwa mbalame za kuderalo. Anthu asapitirire 6 kapena 8 pa mtsogoleri mmodzi. Akakhala 30 pa mzere, wa kutsogolo yekha ndi amene amaona, otsalawo amangoona msana wa mnzawo ndi nthambi ikugwedezeka. M'gulumo wina asunge nthawi, wina alembe, ndipo wolembayo asamanyamule maso pa pepala kukasaka mbalame.

Pa pepala payenera kukhala tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, chiwerengero cha anthu, dzina la mtsogoleri, mitambo, mphepo ndi mvula. Izi zimaoneka zotopetsa koma ndi zimene zimapulumutsa mawerengedwe. Mukapeza mitundu 40 chaka chino ndi 55 chaka chamawa, funso loyamba ndi lakuti kodi mbalame zachuluka kapena mwangopeza mtsogoleri wa makutu akuthwa. Mphepo yogwedeza nthambi zikuluzikulu kapena mvula yamphamvu ikakhalapo, kuwerenga kuimitsidwe ndi kukachitika tsiku lina loyandikira, chifukwa mbalame zimabisala ndipo kulira sikumveka. Ndipo chikhomo chimene sipanaoneke kanthu chilembedwe 0. Malo osalembedwa pa pepala satiuza ngati munafikapo osapeza kanthu kapena simunafikepo n'komwe, pamene 0 ndi umboni.

Mbalame za m'madzi zili ndi njira yake. Siziwerengedwa pa zikhomo koma pa malo okwera oonekera madzi onse, dzuwa lili kumbuyo kwa owerenga. Gulu lalikulu la abakha kapena akakowa siliwerengedwa imodziimodzi. Werengani 10, muone kukula kwa kagulu kameneko, ndiye muyeze gulu lonse ndi maso m'makumimakumi. Likakhala lalikulu kwambiri, m'magulu a 50 kapena 100. Anthu awiri awerenge payekhapayekha kenako ayerekeze. Osazolowera amachepetsa gulu lalikulu pafupifupi nthawi zonse. Dziwe likakhala lalikulu, magulu onse ayambe nthawi imodzi atagawana malire, apo ayi abakha othawa mbali ino amakawerengedwanso mbali inayo. Kunyanja yamchere kumene madzi amakwera ndi kutsika, nthawi yabwino ndi pamene madzi akwera ndipo mbalame zaunjikana malo amodzi. Mukachita mu January mumalowa nawo m'kuwerenga kwa mbalame za m'madzi kwa dziko lonse kumene kudayamba mu 1967 ndipo kumayendetsedwa ndi bungwe loteteza madambo la Wetlands International. Manambalawa ali ndi mphamvu pa malamulo: pangano la Ramsar la 1971 limazindikira dambo kukhala lofunika pa dziko lonse ngati nthawi ndi nthawi limasunga mbalame za m'madzi 20,000, kapena gawo limodzi pa 100 la mtundu umodzi m'chigawo chake. Popanda mapepala a zaka zingapo simungatsimikizire zimenezo.

Kamodzi pachaka sikukwana. Kawiri ndiye poyambira, ulendo wina m'nyengo yoswana, wina pamene mbalame zoyenda maulendo ataliatali zili m'deralo, ndipo sabata yake ikhale yomweyo chaka chilichonse. Ofuna kulumikizana ndi anzawo a m'maiko ena angasankhe Loweruka lachiwiri la May ndi la October, masiku okumbukira mbalame zosamukasamuka.

Pa zida, ndalama zambiri zimaonongeka pogula magalasi oonera patali olakwika. Abwino kwa gulu ndi olembedwa 8x42. Nambala yoyamba ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi ka 8, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, limene limalowetsa kuwala. Ogula zinthu m'maofesi amakopeka ndi manambala akuluakulu monga 20x50, koma amenewo amanjenjemera m'manja ndipo amaonetsa kamalo kakang'ono, moti mbalame imauluka munthu asanaipeze. Osinthasintha kukula, a zoom, apeweni. Ana apatsidwe 8x30 kapena 8x32, opepuka ndiponso opindika mokwanira maso oyandikana. Mphindi 10 zoyambirira za tsikulo zipite pophunzitsa kagwiritsidwe: kupinda mpaka zozungulira ziwiri zikhale chimodzi, kutsinzina diso lamanja ndi kuchuna gudumu lapakati, kenako kutsinzina lamanzere ndi kuchuna kamphete ka diso lamanja. Chinsinsi china n'chakuti maso asachoke pa mbalame, magalasi ndiwo akwere kudzapeza maso. Pomaliza apukutidwe ndi kansalu kofewa, asungidwe pouma. Otsekeredwa m'kabati yachinyezi chaka chonse amamera nkhungu mkati ndipo amavuta kukonza. Bwino kuwasiya ku laibulale kapena kusukulu kuti anthu azibwereka polembetsa. Magalasi 10 ndi mabuku 5 ozindikirira mbalame za chigawocho zimaposa malaya 200 olembedwa uthenga.

Khamu la anthu okonda mbalame likhozanso kuzipweteka, ndipo apa mtsogoleri asachite manyazi kudzudzula ngakhale mlendo wolemekezeka. Chisa sichiyandikiridwa. Make akathawa, mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa m'mphindi zochepa, ndipo njira imene mapazi apondereza mu udzu imatsogolera amphaka, agalu ndi akhwangwala kuchisako. Mbalame ikasiya kudya n'kudzutsa mutu, kapena ikamalira mobwerezabwereza ili ndi chakudya kukamwa, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani. Kuliza kulira kwa mbalame pa foni kuti ituluke kuletsedwe pa masiku a gulu. Yaimuna imaganiza kuti kwabwera mdani, imasiya kudyetsa ana n'kumasaka mdani amene kulibe, komanso zimasokoneza mawerengedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo a chisa cha kadzidzi, nkhwazi kapena mbalame zimene anthu amagwira kukagulitsa asalengezedwe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp.

Mapepala akadzaza asathere m'kabati. Pasanathe sabata alowetsedwe mu kompyuta ndipo munthu wodziwa awaunike, kufunsa za mbalame iliyonse yachilendo: ndani anaiona, anaona chiyani, pali chithunzi kodi. Kulemba kuti "mtundu wa mpheta, sitinauzindikire" n'kwabwino kuposa kulota dzina. Mapulogalamu a pa foni ozindikira kulira amathandiza pophunzira koma amalakwitsa, choncho chimene foni yanena chisalembedwe mpaka munthu atatsimikiza. Zotsatira zikhoza kutumizidwa ku eBird, nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya mawerengedwe a mbalame imene ofufuza za mbalame a Cornell Lab of Ornithology ndi Audubon adayambitsa mu 2002, koma kope lina likhale mu ofesi yanu, ndipo pakhale wantchito wodziwika dzina amene udindo wake ndi kulisunga. Anthu ongodzipereka amasamuka, amatopa, amakalamba. Mawerengedwe amatha kufa pamene munthu mmodzi amene ankasenza zonse wachoka ndi mapepala m'chikwama.

Tifike pa mbali imene ili m'manja mwanu mokha, ya malo enieniwo. Yankho limene timamva kawirikawiri pokambirana za kukwirira dambo ndi lakuti mbalame zili ndi mapiko, zipita kwina. Zimapitadi, koma kwinako kuli eni ake kale, ndipo chakudya cha kumeneko n'chowerengeka. Ku Cardiff Bay, m'dziko la Wales, khoma lidatseka madzi mu 1999 n'kumiza matope amene mbalame zinkadyapo. Akatswiri adatsatira mbalame za miyendo yofiira zotchedwa redshank zimene zidasamukira ku matope oyandikana nawo. Zidaonda, ndipo zopulumuka chaka ndi chaka zidatsika kuchoka pa pafupifupi 85 pa 100 kufika pa 78. Sizidagwe tsiku limodzi pamaso pa atolankhani, zidangotha pang'onopang'ono. Ku Saemangeum, ku South Korea, khoma la makilomita 33 lidatsekedwa mu 2006, ndipo mbalame zikwizikwi zimene zinkapumulirapo pa ulendo wa pakati pa Siberia ndi Australia sizidapezeke zitachulukira kwina kulikonse. Chikalata chopempha malo chikanena kuti zamoyo zidzasamukira pafupi, funsani kuti pafupipo ndi pati, ndipo ndani wawerenga zimene zilipo kale.

Chosintha chotsika mtengo kuposa zonse ndi kalendala yotchetcha. Zinziri, nkhwali, alumbe ndi mbalame zina zambiri zimaikira pansi. Kwa timbalame tating'ono, kuchokera pomanga chisa mpaka ana kuuluka pamapita mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo tambiri timaswa kawiri pa nyengo. Miyezi yake imasiyana dera ndi dera, ndipo mawerengedwe anu ndiwo angakuuzeni: lembani mwezi umene mbalame zaoneka zitanyamula udzu, ndi umene zaoneka zitanyamula chakudya. M'miyezi imeneyo tchetchani mabwalo amasewera, m'mbali mwa njira mulifupi mwa mita imodzi kapena awiri, ndi mizere yotchinga moto basi. Malo otsalawo agaweni patatu, chaka chilichonse muzitchetcha gawo limodzi nyengo yoswana itatha. Mukasiya osatchetcha konse, zitsamba zimalanda malo ndipo mbalame za mu udzu zimachokanso. Woyendetsa thirakitala ayambire pakati kupita kunja. Akayambira m'mphepete kumazungulira cholowa mkati, anapiye amathawira m'kachilumba ka udzu kotsala pakati ndipo mpeni umawapeza onse pamodzi. Njira yoyambira pakati ndi imene alimi a ku Scotland ndi Ireland amagwiritsa ntchito poteteza mbalame yotchedwa corncrake. Kumene moto umagwiritsidwa ntchito, utenthedwe m'zigawozigawo udzu usanaumitsitse, kuti usakwere m'mitengo. Zonsezi zilembedwe m'pangano la kontrakitala. Malangizo apakamwa amatha tsiku limene wabwera dalaivala watsopano. Ikaninso chikwangwani chofotokoza chifukwa chimene udzu wasiyidwira, poti anthu akaona udzu wautali amathamangira kunena kuti khonsolo yagona.

Mtengo wouma nawo si zinyalala. Mbalame zogogoda mitengo zimaboola mphako, zikachoka mumalowa akadzidzi ang'onoang'ono ndi mitundu ina yambiri imene siyitha kuboola yokha, ndipo pansi pa makungwa pamakhala mphutsi zimene ndi chakudya. Paki yosesedwa mbee, ya kapinga wometedwa ndi maluwa ochokera kunja, ndi chikomekome cha mkuyu. Imakoma m'maso koma mbalame ilibe podya kapena pobisala. Tikudziwa kuti mumaopa nthambi kugwera munthu, ndipo manthawo ndi oyenera. Mtengo wouma umene uli pafupi ndi njira udulidwe nthambi ndi nsonga, thunthu la mamita 4 mpaka 6 lisiyidwe chilili. Umene uli patali ndi njira kuposa kutalika kwake usiyidwe wonse. Nthambi zodulidwazo ziunjikidwe pakona m'malo motenthedwa. Zitsamba za pansi pa mitengo, zimene ogwira ntchito amakonda kulambula kuti paoneke paukhondo, ndi pamene mitundu yambiri imamanga zisa.

Pa madzi, chofunika kwambiri ndi m'mphepete. Mbalame zoyenda m'matope zimadya m'madzi osaya, a masentimita 5 mpaka 20. Dziwe lokumbidwa ngati beseni, la makoma oimirira kapena owakidwa simenti, lilibe malo otero ngakhale litakula bwanji. Pokonza dziwe kapena damu, mbali imodzi ikhale yotsetsereka pang'onopang'ono, kutsika mita imodzi pa mamita 10 kapena kuposa, kuti madzi akamaphwa azisiya matope atsopano. Kachilumba kamodzi pakati kamapatsa mbalame malo amene galu sangafike. Bango ndi mlulu zisadulidwe zonse nthawi imodzi. Gawo limodzi mwa anayi pachaka n'lokwanira. Kuzungulira madzi kusiyidwe lamba wa udzu ndi zitsamba wa mamita 15 mpaka 30, wosalimidwa ndi wosathiridwa mankhwala, kuti azigwira dothi ndi feteleza wokokoloka. Feteleza ndi zonyansa za m'masuweji zikalowa m'madzi, ndere ndi namasupuni zimakula mosaletseka. Namasupuni amatha kuwirikiza kawiri m'sabata ziwiri zokha, n'kuphimba madzi, kutha mpweya, nsomba n'kufa, mbalame zodya nsomba n'kuchoka. Kumuvuula osatseka gwero la zonyansazo n'kutunga madzi ndi dengu. Ndipo malo oonongeka amabwerera: London Wetland Centre, imene idatsegulidwa mu 2000, idapangidwa pa madamu anayi akale osungira madzi a mumzinda amene adasiya kugwira ntchito.

Tinenepo za kubzala mitengo, ngakhale tikudziwa kuti ena sakondwera nazo. Si malo onse opanda mitengo amene ali oonongeka. Dambo ndi dambo, chigwa cha udzu ndi chigwa cha udzu, ndipo zili ndi mbalame zake zimene sizikhala m'nkhalango. Kubzala bulugamu kapena paini m'dambo kunja kwa kwawo kwa mitengoyi kumaumitsa nthaka ndi kuthamangitsa eni malo, ngakhale lipoti litanena kuti mbande 10,000 zabzalidwa. Kumene kunali nkhalango, yambani mwaona ngati zitsa zikuphukira. Kuteteza mphukira ku moto ndi ziweto, n'kupatulira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, kumabweza mitengo yachilengedwe msanga kuposa mbande, chifukwa mizu ilipo kale. Alimi a ku Niger abweza mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni mwa njira imeneyi kuyambira m'ma 1980. Pobzala, sankhani mitengo ya m'deralo yobereka zipatso ndi maluwa nthawi zosiyanasiyana, ndipo lipoti lizinena imene ili moyo patatha zaka zitatu, osati imene idalowa m'dzenje.

Nyumba zimene mumavomereza m'mphepete mwa malowa zili ndi gawo lake. Mbalame siiona galasi, imaona mitengo ndi thambo zimene zikuonekera m'galasimo. Usiku umodzi wa mu October 2023, mbalame pafupifupi 1,000 zidafa zitagunda nyumba imodzi ya magalasi m'mphepete mwa nyanja ku Chicago. Njira yopewera zimenezi ndi timadontho kapena mizere yomatidwa kunja kwa galasi, yotalikirana masentimita 5. Kumata chithunzi chimodzi cha kabawi pakati pa windo sikuthandiza, mbalame imangochilambalala n'kugunda pambali. Magetsi akunja aloze pansi ndipo osafunika azizimitsidwa m'nyengo ya maulendo, poti mbalame zambiri zimayenda usiku ndipo kuwala kumazisocheretsa. Kuika zimenezi m'chilolezo chomangira n'kotchipa kuposa kukonza nyumba itatha.

Agalu akhale pa chingwe m'malo oswanirana, ndipo njira za anthu zidutse mbali imodzi ya dziwe, ina ikhale yopanda phazi. Za mabokosi a zisa tingoti ndi abwino pophunzitsa ana, koma salowa m'malo mwa mtengo. Mukawaika, thabwa likhale lochindikala mamilimita 15 kapena kuposa, pansi pakhale timabowo totulutsa madzi, khomo lisayang'ane dzuwa la masana, ndipo pakhomo pasakhale kamtengo koterapo, chifukwa kamangothandiza adani.

Mwina mukuti zonsezi zifuna ndalama zimene mulibe. Zambiri mwa izo ndi kuchepetsa ntchito: kutchetcha kochepa, kudula kochepa, simenti yochepa. Zofuna ndalama ndi magalasi, mabuku, zikhomo, mayendedwe a atsogoleri a magulu, ndi masiku awiri kapena atatu pachaka ophunzitsa atsopano kuti mtsogoleri aliyense akhale ndi womutsatira. Ikani zimenezi mu bajeti ya zaka zisanu, pakuti mawerengedwe a chaka chimodzi kapena ziwiri sasiyanitsa kutha kwa mbalame ndi chaka cha chilala. Muitanenso amene amagwiritsa ntchito malowo tsiku ndi tsiku, asodzi, oweta ziweto, alonda, otchetcha udzu. Ambiri a iwo amadziwa pamene mbalame iliyonse imagona ndi mwezi umene imafika kuposa mlendo wa magalasi okwera mtengo, ndipo lamulo lopangidwa iwo kulibe silikhalitsa.

Chimene tikupempha kuti chilowe m'ndondomeko ya msonkhano wanu wotsatira ndi ichi: kamodzi pachaka, kalendala ya ntchito za m'mapaki ndi m'madambo isanasainidwe, wosunga mawerengedwe, woyang'anira makontrakitala ndi wopereka zilolezo za malo akhale pa tebulo limodzi, mapu a zikhomo ali pakati. Chikhomo chilichonse chimene mbalame zatsika zaka zitatu zotsatizana chiyenderedwe, ndipo chimene chasintha pamalopo chilembedwe pamodzi ndi dzina la ofesi yoyenera kuchikonza ndi tsiku lomalizira. Lipotilo likhomedwe pa chipata cha paki, kuti amene anadzuka m'bandakucha kukawerenga aone kumene manambala awo anapita.

Ndife anu,
Owerenga mbalame ndi ophunzitsa magulu a m'madera